Kuimba Maphatikizo Si Kuŵerenga

Aliyense amene adadutsapo pafupi ndi sukulu ya pulayimale nthaŵi ya m'maŵa akulidziŵa phokoso la kalasi ya Sitandade 1. Munthu amalimva akadali kumsewu: ba be bi bo bu, ma me mi mo mu, ana onse pamodzi, ndodo ya mphunzitsi ikugogoda pabolodi. Makolo opita kumunda akamva zimenezi mitima yawo imakhala pansi, amati ana athu akuphunzira. Ifenso amene tidaphunzira mwa njira yomweyo timakumbuka ubwana wathu, ndipo sitifulumira kufunsa ngati m'phokosomo mulidi kuŵerenga.

Tsiku lina tidapita kukayendera mmodzi mwa ophunzira a pakoleji pano amene adali pa kuphunzitsa koyeserera pa sukulu ina ya kumudzi. Phunziro lake adalikonza bwino, pabolodi adalemba mwaukhondo, ndipo ana adayankha mwamphamvu mpaka a m'kalasi yoyandikana nayo kudandaula. Phunziro litatha tidaitana mtsikana wina amene adakweza mawu kuposa anzake, ndipo tidamlozera phatikizo lachinayi pa mzere wa ma me mi mo mu. Adayang'ana, milomo ikugwedera, kenaka adati mo. Tidakondwa, koma tidaona kuti adayamba watchula chamumtima kuchokera pa ma mpaka kufika pamene padali chala chathu. Tsono tidalemba phatikizo lomwelo palokha pa kapepala nkumfunsanso. Adangoti chete. Tidalembanso mawu akuti mame, opangidwa ndi maphatikizo aŵiri oyamba a mzere womwewo, mame omwe iye adaŵaponda pobwera kusukulu tsiku lomwelo. Mwana uja adangoyang'ana pansi.

Mlandu sudali wa mwanayo. Sitinganenenso kuti udali wa mphunzitsi yekha, pakuti iye adaphunzitsa monga momwe adamphunzitsira. Koma mwanayo adatha miyezi akuimba nyimbo imene aliyense ankaiyesa kuŵerenga, ndipo akadapanda kufunsidwa payekha akadapita ku Sitandade 2 ndi mbiri yakuti ngwanzeru. Maganizo athu m'nkhani ino ndi aŵa: phatikizo ndi poyambira pabwino pophunzitsa kuŵerenga Chicheŵa, koma mwana sanayambe kuŵerenga kufikira atamva ndi khutu lake kuti m'kati mwa mo muli maliwu aŵiri, la m ndi la o, ndiponso atadziŵa kuti lembo lililonse limene akuliona likuimira liwu lake. Mphunzitsi amene saphunzitsa zinthu ziŵirizi amasiya ana ambiri m'mbuyo iye osadziŵa.

Tisanyoze njira ya maphatikizo

Chicheŵa chidasankhidwa kukhala chiyankhulo cha fuko m'chaka cha 1968, ndipo bungwe loyang'anira chiyankhulochi, limene lidakhazikitsidwa mu 1972, lidatulutsa malamulo a kalembedwe mu 1973. Ana a zaka zimenezo ndi zotsatira adaphunzira kuŵerenga ndi buku la Sosa, kuyambira pa malembo a liwu asanu aja, a e i o u, nkumaŵaphatikiza ndi malembo opanda liwu. Ambiri mwa aphunzitsi anu ndi makolo anu adadzera m'njira imeneyi, ndipo amaŵerenga bwino lomwe. Sizidachitike mwangozi, pakuti njirayi imagwirizana ndi mamangidwe a chiyankhulo chathu. Pa Chicheŵa pafupifupi phatikizo lililonse limathera pa lembo la liwu, ndipo lembo la a limamveka chimodzimodzi kulikonse kumene lingapezeke, kaya ndi m'mawu akuti ana, phala kapena chimanga. Mwana wa ku England alibe mwayi wotere, chifukwa lembo lomwelo m'mawu akuti cat, cake ndi call likuimira maliwu atatu osiyana.

Mu 2003 Philip Seymour ndi anzake adafalitsa zotsatira za kafukufuku woyerekeza ana oyamba sukulu m'ziyankhulo zoposa khumi za ku Ulaya. Adapeza kuti kumene kalembedwe kamatsata katchulidwe mokhulupirika, monga pa Chifinishi, Chitaliyana ndi Chisipanishi, ana ambiri ankaŵerenga mawu wamba molondola pakutha pa chaka choyamba, pamene ana ophunzira kuŵerenga Chingerezi ankafuna nthaŵi yoposa kaŵiri. Kalembedwe ka Chicheŵa nkofanana ndi ka gulu loyambalo. Choncho ngati mwana wathu afika Sitandade 3 asanathe kuŵerenga chiganizo, tisanamizire chiyankhulo. Chiyankhulo chidatichitira chifundo. Pofunika kuyang'ana ndi pa kaphunzitsidwe kathu.

Pamene njirayi imapereŵera

Vuto limabwera pamene phatikizo liphunzitsidwa ngati chithunzi chimodzi chosagaŵika, choti mwana angochiloŵeza pamodzi ndi anzake a pamzere. Tiyeni tiŵerengere katundu amene timasenzetsa mwana wotere. Mzere wa ba uli ndi maphatikizo asanu, wa ma asanu, wa sa asanu, ndipo mizere yotere ikwana pafupifupi 20, ndiye kuti maphatikizo pafupifupi 100. Koma Chicheŵa sichithera pomwepo. Pali mba, nda, nga, nja, nkha, mpha, ntha, ntcha, tsa, dza, bza, psa, nya ndi ng'a. Palinso bwa, dya, mbwa, nkhwa ndi mphwa. Ndipo lililonse mwa ameneŵa lili ndi mzere wake. Onse pamodzi ndi mazana angapo. Mwana amene akuloŵeza phatikizo lililonse palokha amayenda bwino m'teremu yoyamba, amayamba kutsimphina m'teremu yachiŵiri, ndipo pofika pa mawu onga nkhwangwa, ntchentche ndi mphwayi amakhala atagwa kale. Koma mwana amene adamva maliwu aŵiri a mu mo, akangophunzira liwu la s amatha kuŵerenga yekha sa se si so su popanda womuimbira. Iyeyu katundu wake ndi maliwu makumi oŵerengeka chabe, ndipo liwu lililonse latsopano limamtsegulira mawu ambiri amene sadaŵaonepo.

Mwina wina afunsa kuti, nanga ife tidaphunzira bwanji popeza palibe amene adatiuza za maliwu? Yankho nlakuti ana ena amazitulukira okha. Akaimba ma me mi mo mu kwa masabata angapo amazindikira kuti pali chinthu chimene sichikusintha kumayambiriro ndi china chimene chikusintha kumapeto. Ife amene tikulemba ndi inu amene mukuŵerenga tili m'gulu limeneli; ndife amene tidaoloka. Anzathu amene sadazitulukire adabwereza kalasi kaŵiri kapena katatu, kenaka adasiya, ndipo sapezeka m'makoleji kuti atiuze pamene padaŵavuta. Ubwino wa njira tisauyese poona okhawo amene adaoloka.

Kumva maliwu si chibadwa

Nkosavuta kuganiza kuti mwana woyankhula bwino Chicheŵa amamva kale maliwu ake onse. Amaŵagwiritsa ntchito, inde, koma saŵazindikira limodzilimodzi, monga momwe munthu amayendera osadziŵa mafupa a m'phazi lake. Poyankhula, maliwu satuluka motalikirana. Tayesani kutchula mo ndi mi mukudziyang'ana pagalasi: mudzaona kuti pa mo milomo imayamba kukonzekera o pamene m akadamveka. Maliwu aŵiriwo amatuluka atalukana, ndipo kuŵalekanitsa ndi ntchito ya maganizo imene iyenera kuphunziridwa.

Mu 1974 Isabelle Liberman ndi anzake ku America adapatsa ana kamtengo kuti azigogoda patebulo, ena poŵerengera maphatikizo a m'mawu, ena poŵerengera maliwu. Mwa ana a zaka 4, pafupifupi theka adakhoza kugogoda maphatikizo, koma padalibe ndi mmodzi yemwe amene adakhoza kugogoda maliwu. Ngakhale kwa ana a zaka 6, amene adali atayamba kale sukulu, maliwu adali ovutirapo kuposa maphatikizo. Mu 1979 José Morais ndi anzake adayesa anthu akuluakulu a kumidzi ya ku Portugal. Amene sadaphunzire kuŵerenga adavutika kwambiri kuchotsa kapena kuwonjezera liwu kumayambiriro kwa mawu, pamene anzawo amene adaphunzira kuŵerenga atakula kale adachita bwino.

Tikuphunzirapo zinthu ziŵiri. Choyamba, akale adalondola poyambira pa phatikizo, pakuti ndilo limene khutu la mwana limayamba kuligwira. Chachiŵiri, luso lomva maliwu silibwera ndi msinkhu. Limakula pamodzi ndi kuphunzira malembo. Motero tisadikire tikumati mwana ayambe wakhwima, ndiponso tisathe teremu yonse pa maseŵera a khutu osaonetsa ana lembo. Khutu, diso ndi dzanja ziyendere limodzi.

Tisanafike kwa ana, tidziyese tokha. Khalani aŵiriaŵiri m'chipinda chogona kapena pansi pa mtengo, wina atchule liwu la f, la z ndi la n popanda kuwonjezera lembo la liwu, mnzake amvetsere. Funsanani kuti m'mawu akuti khola, nyama ndi ng'ona muli maliwu angati. Ambiri amayamba ayankha kuti asanu chifukwa akuŵerengera malembo ndi maso, chonsecho maliwu ndi anayi m'mawu onse atatuwo. Ngati ife akuluakulu tikusokoneza lembo ndi liwu, sitingaongole mwana wa zaka 6.

Zoyenera kuchita m'kalasi

Phunziro lililonse liyambe ndi mphindi zoŵerengeka za khutu lokha, mabuku ali otseka. M'masabata oyamba ana aombe m'manja potchula maphatikizo a maina awo ndi a zinthu zimene amazidziŵa: nyu-mba, chi-ma-nga, ga-li-mo-to. Akazoloŵera, loŵani nawo m'kati mwa phatikizo. Tchulani mawu akuti mano mokoka liwu loyamba, ndipo funsani kuti ndi mawu ati amene ayamba chimodzimodzi pakati pa mutu, sopo ndi madzi. Kenaka sinthani liwu limodzi lokha kuti ana amve mmene tanthauzo likusinthira: gula, kula, tula, vula, kapena lima, lema, luma. Ana amakonda maseŵera otere, ndipo amaseka akamva kuti liwu limodzi lasandutsa wolima kukhala woluma.

Posonyeza lembo, phunzitsani liwu lake lisanabwere dzina lake. Ana ambiri amabwera atamva kwa akulu awo maina a malembo a m'Chingerezi, ndipo mwana amene amatcha lembo la m kuti emu, ndi lembo la a kuti eyi, angaphatikize chotani sadzapeza ma. Pano pali msampha wina umene umakola ife aphunzitsi. Tidazoloŵera kunena kuti b, m, s ndi anzawo ndi malembo opanda liwu, ndipo dzinali limatichititsa kuganiza kuti sangamveke paokha. Koma m amamveka: tsekani milomo nkung'ung'udza. Nayenso s amamveka, ngati mpweya wotuluka m'tayala la njinga. Chenjerani kuti musawonjezere lembo la liwu kumapeto, nkumati mu kapena si pamene mufuna m kapena s, chifukwa mwana amene adamva si, mukampatsa a, adzaŵerenga sia m'malo mwa sa. Maliwu okokeka monga m, n, l ndi s ndiwo osavuta kuŵamva paokha. Maliwu ophulika monga k, t ndi p sakokeka. Ameneŵa mwana amaŵagwira poyerekeza ka, ke, ki, ko, ku, mphunzitsi nafunsa chimene sichikusintha. Kumene buku la mphunzitsi lakonza kale ndondomeko ya malembo, itsateni; chimene buku silingakuchitireni ndi katchulidwe ka pakamwa panu.

Phatikizo lizimangidwa ana akuona. Dulani makhadi ku katoni yakale, lembani m pa khadi limodzi ndi lembo la a pa linzake. Muŵagwire motalikirana, ndipo kokani liwu la m uku mukusendeza khadi lake kufikira litakhudza linalo. Chotsani lembo la a, ikani la o, ndipo funsani chimene chasintha. Mzere wa ma me mi mo mu usatayidwe, koma usamabwere nthaŵi zonse m'ndondomeko yomweyo. Lero ukhale mo mi ma mu me, maŵa usakanizidwe ndi mzere wa na. Ndipo musachedwe kufika pa mawu enieni. Ndi malembo a liwu asanu pamodzi ndi m, n ndi l okha, mwana atha kuŵerenga ana, ine, inu, mame, mano, malo, lima ndi nama, ngakhalenso chiganizo chakuti "Amalume alema." Tsiku limene mwana aŵerenga yekha chiganizo chotere nkuseka, ndiye kuti wadziŵa ntchito ya malembo.

Kulemba kumatsimikiza zimene khutu lamva. Katswiri wina wa ku Russia, D. B. Elkonin, adakonza njira yosavuta imene ingachitike ngakhale m'kalasi ya pansi pa mtengo. Mwana ajambule timabokosi tinayi pamchenga, atchule mano pang'onopang'ono, ndipo pa liwu lililonse akankhire kamwala kapena chitsekerero cha botolo m'kabokosi kake. Pambuyo pake achotse timiyalato nalemba malembo m'malo mwake. Mukafika pa mawu onga phala, mwana adzadabwa kuona kuti malembo ndi asanu koma timiyala ndi tinayi, ndipo pamenepo mpomuuza kuti p ndi h agwirizana kuimira liwu limodzi.

Malo oterera m'Chicheŵa

Pali malo anayi m'chiyankhulo chathu pamene ana amaterereka chaka ndi chaka. Oyamba ndi h wa mpweya. Pala si phala, kola si khola, pula si phula. Mwana aike chikhatho patsogolo pa kamwa, ndipo amve yekha mpweya umene utuluka pa phala koma osatuluka pa pala. Achiŵiri ndi ng ndi ng'. Kachizindikiro kaja ndiko kamasiyanitsa ngoma ya m'tchire ndi ng'oma ya pabwalo, ndipo mwana amene sadamve kusiyanako amakayesa kokongoletsa chabe. Achitatu ndi m woyamba mawu. Mu mbale yodyeramo nsima m ndi b amatulukira limodzi ndipo maphatikizo ndi aŵiri, koma mu m'bale wathu, mu mtengo ndi mu mkaka m amaima yekha ngati phatikizo, motero ana aombe m'manja katatu. Achinayi ndi l ndi r, amene kwa oyankhula ambiri ndi liwu limodzi. Pano khutu silingathandize. Chothandiza ndi lamulo la kalembedwe lakuti m'kati mwa tsinde la mawu r amatsata e kapena i, monga mu lero, lira ndi bwera, pamene l amayamba mawu kapena kutsata a, o ndi u, monga mu phala, khola ndi kula. Mwana wolemba lelo wamva bwino. Akungosoŵa lamulo, ndipo sayenera kukalipiridwa.

Zimene otsutsa amanena

Ena amati nkhani ya maliwu njachilendo, yochokera ku mikangano ya Azungu. Nzoona kuti mkanganowu udabuka m'maiko oyankhula Chingerezi. Mu 1955 Rudolf Flesch adadzudzula sukulu za ku America chifukwa choloŵezetsa ana mawu athunthu ngati zithunzi. Mu 1967 Jeanne Chall, atasanthula kafukufuku wa zaka zambiri, adapeza kuti kuyamba ndi malembo ndi maliwu ake kumapindulitsa. Gulu la akatswiri limene boma la America lidasankha lidanenanso zomwezo mu 2000, ndipo lipoti la Jim Rose la mu 2006 lidachititsa kuti sukulu za ku England zitsate njirayi. Sitiyenera kukopera zonse za kumeneko, pakuti zambiri zidakonzedwa kuti zilimbane ndi kalembedwe kovuta ka Chingerezi. Koma ngati kudziŵa maliwu kumathandiza kumene malembo amanama kaŵirikaŵiri, nanji kuno kumene sanama? Ndiponso njirayi si mdani wa maphatikizo. Tikungomasula phatikizo kuti mwana aone za m'kati mwake, kenaka nkulimanganso.

Ena amati ana ngochuluka, ndipo dandaulo limeneli nloona. Maphunziro a pulayimale atakhala aulere mu 1994, chiŵerengero cha ana chidakwera kuchoka pa pafupifupi 1.9 miliyoni kufika pa pafupifupi 3 miliyoni m'chaka chimodzi, ndipo kuyambira pamenepo kalasi ya ana 100 kapena kuposerapo sidakhale yachilendo m'Sitandade 1. M'kalasi yotere kuyankha pamodzi sikungalekeke, ndipo kuli ndi ntchito yake, pakuti kumapatsa ana amanyazi mpata wotsegula pakamwa. Choipa chake nchakuti kumabisa. Ana khumi odziŵa amatsogolera, enawo amangotsata pambuyo kamphindi kochepa kwambiri kamene khutu la mphunzitsi silingakagwire. Choncho muzisinthasintha: mzere uno wokha, atsikana okha, aŵiriaŵiri, kenaka mmodzi. Uzani onse alembe phatikizo pa sileti kapena papepala nkukweza m'mwamba, ndipo mudzaona ndi maso amene asokera. Koposa zonse, mverani ana asanu tsiku lililonse, aliyense payekha, kwa mphindi imodzi: maphatikizo asanu osakaniza ndi mawu aŵiri amene sadalembedwepo pabolodi. Ana asanu pa tsiku ndi 25 pa sabata, ndipo m'masabata anayi mwamva ana 100. Lembani m'kope maina a amene akuvutika, muŵakhazike kutsogolo, ndipo mubwereze nawo maliwu amene adaŵaphonya.

Enanso amaopa kuti ana adzasanduka zinkhwe, zotchula mawu osamva tanthauzo lake. Nkhaŵa imeneyi njoyenera. Philip Gough ndi William Tunmer adafotokoza mu 1986 kuti kumvetsa nkhani yolembedwa kumafuna zinthu ziŵiri, kutha kumasula malembo ndi kumva chiyankhulo, ndipo chimodzi chikasoŵa kuŵerenga kulibe. Chicheŵa chomwe chimatikumbutsa zimenezi, chifukwa kalembedwe kathu sikasonyeza kukwera ndi kutsika kwa mawu. Mtengo womera m'nkhalango ndi mtengo wa sopo m'sitolo zimalembedwa chimodzimodzi, monganso khungu la thupi ndi khungu la maso. Woŵerenga amasankha katchulidwe poona chiganizo chonse. Motero nthano, ndagi ndi kuŵerengera ana nkhani mokweza zisasoŵe tsiku lililonse, ndipo mwana akaŵerenga mawu afunsidwe tanthauzo lake. Izi nzofunika koposa kwa ana amene kwawo amayankhula Chiyao, Chitumbuka, Chisena, Chilomwe kapena Chitonga. Iwoŵa angathe kutchula mawu molondola osadziŵa chimene atchula, ndipo maliwu ena a Chicheŵa angakhale achilendo m'makutu mwawo. Afunika kuyankhula ndi kumva Chicheŵa chambiri, ndipo afunika mphunzitsi wodekha.

Udindo uli pa ife

Kafukufuku wa kaŵerengedwe ka ana amene adachitika m'dziko muno mu 2010 adapeza kuti ana oposa theka a Sitandade 2 sadathe kuŵerenga ngakhale mawu amodzi a m'nkhani yaifupi ya Chicheŵa. Ndondomeko ya dziko lonse yolimbikitsa kuŵerenga imene idayamba mu 2016 idaika kumva maliwu ndi kuzindikira malembo m'maphunziro a tsiku ndi tsiku a makalasi oyamba, ndipo ichi chidali chanzeru. Koma buku la mphunzitsi lilibe makutu. Phunziro la maliwu nalonso lingasanduke nyimbo monga adasandukira maphatikizo: mphunzitsi atchule, ana abwereze, belu lilire, aliyense apite kwawo wokhutira. Kusiyana kumabwera ndi mphunzitsi amene amaima nafunsa mwana mmodzi payekha.

Mwana wosatha kuŵerenga pakutha pa Sitandade 2 amakumana ndi nkhani zazitali, mafunso a masamu olembedwa m'mawu, ndi Chingerezi pamwamba pake. Amayamba kukhala kumbuyo kwa kalasi, kenaka kujomba masiku a msika, kenaka kujomba sabata yonse. Makolo amati alibe mutu wa sukulu, iye nakhulupirira, chonsecho chimene chidamsoŵa ndi munthu womuuza kuti mo ali ndi maliwu aŵiri. Akale adati m'mera mpoyamba, ndipo pa nkhani ya kuŵerenga poyamba pake ndi m'manja mwa mphunzitsi wa Sitandade 1. Nchifukwa chake timakana maganizo akuti kalasi imeneyi njoti aliyense angaiphunzitse.

Ku sukulu ija tidabwererako teremu isanathe. Wophunzira wathu uja adali atadula makhadi, ndipo m'kope lake mudali maina a ana ovutika, ochuluka kuposa momwe iye adaganizira poyamba. Mtsikana uja adaŵerenga mame ndi mano pang'onopang'ono, chala chili pansi pa lembo lililonse, ndipo adakakamira pa mawu akuti malo kufikira ataŵapeza. Mawu ake sadali okwera ngati tsiku loyamba lija, koma tsopano adali kuŵerenga. Anzake ena adali asanafike pamenepo, ndipo nthaŵi ya mphunzitsi woyesererayo idali itatha.

Tsono inu amene mukukonzekera kupita kukaphunzitsa koyeserera, tikupemphani chinthu chimodzi. M'sabata yoyamba, musanaŵeruze kalasi poona kukweza kwa mawu ake, dulani timapepala, lembanipo maphatikizo osakaniza, ndipo khalani pansi ndi ana asanu. Mwina zimene mudzapeze zidzakukhumudwitsani monga zidatikhumudwitsira ife. Musataye mtima, ndipo musanyoze mphunzitsi wa kalasiyo amene wasenza ana 100 chaka chonse. Mgaŵireni zimene mwapeza mwaulemu, ndipo pochoka mumsiyire makhadi anu ndi kope lanu la maina. Pobwerera kuno mudzatiuze kuti ndi ana angati amene adali kuimba pamene mudafika, ndi angati amene adali kuŵerenga pamene mudachoka.